Onse Ndinawakweza pa Kaliyala

Kale kunali bambo Kamzati okha,
tepi yoyezera m'thumba la jekete,
pensulo kukhutu.
Msewu ankaudziwa ndi iwo, manda iwo, ngalande iwo,
ndipo akalakwitsa tinkadziwa khomo lokagogoda.
Anapuma ntchito chaka chomwe ndinagula njingayi.

Masiku ano amatsika basi mmodzimmodzi,
chikwama kumsana, botolo la madzi m'manja,
ndipo pa depoti ya Kasungu amawapeza ndine.

Woyamba anali Dziwenji, wa ngalande basi.
Ndinamupalasira ku Chankhanga mvula itangokata,
iye n'kugwada m'matope
kuyeza pomwe madzi analekezera pakhoma.
Ndinamuuza kuti mwini nyumbayo alibe pepala la malo.
Anati, "Zimenezo n'za mnzanga, abwera mu Meyi."

Anabweradi. Tsilizani, wa mapepala a malo,
wolemera ngati thumba la feteleza pachitunda.
Anakupatsani ndani, liti, mboni anali ndani?
Madzi anali ataphwa kalekale.
Mzere wakuda uja pakhoma sanauone.

Kenako wa zinyalala za mumsika,
kusankha makoko a nthochi ndi majumbo
n'kumaika pa sikelo ngati fodya wa ku Chinkhoma.
Kenako wa mithunzi, eetu, mithunzi,
kuwerenga mitengo ya m'mbali mwa msewu,
kachitsulo kake atagunditsa phula ngati nesi.
Wina nsapato sanadetse n'komwe:
anaulutsa kandege kolira ngati njuchi,
ana n'kuthawa m'kalasi,
madenga onse a tauni n'kulowa mu foni yake.

Sindikuwanyoza ayi.
Dziwenji madzi amawadziwa kuposa Kamzati.
Kalavati yomwe analoza ija anaikulitsa,
chaka chino ndadutsapo osasenza njinga paphewa.
Amene wakakamira dzenje limodzi ndiye amafika pa madzi,
izo ndavomera.

Chondisowetsa tulo n'chakuti
jumbo lomwe anayeza uja
ndi lomwe latseka ngalande ya uyu,
ngalandeyo n'kumasanzira m'nyumba yopanda pepala,
ndipo mwini nyumbayo, mayi Nangondo,
ndiwo anagwetsa mtengo wa mthunzi
kuti awotchere njerwa zokwezera khonde.
Nkhani ndi imodzi.
Angoigawana ngati mbuzi ya pa Khirisimasi,
uyu mwendo, uyu chiwindi,
kulira kwake palibe anakumva.

Mwezi watha kunabwera wa ife.
Mlauzi, wa kabaza yekhayekha, akuti zaka zitatu.
Anakhala kumbuyo kwanga ndi mafunso makumi anayi:
maulendo angati patsiku, ndalama zingati,
ndagwapo kangati.
Lomaliza linali lakuti,
"Pali china chomwe mukufuna kuwonjezera?"
Mpata wolembapo unali mizere iwiri.

Ndinaima m'munsi mwa phiri, n'kupukuta thukuta,
n'kuyamba ndi ngalande.
Ndisanafike pa mtengo wa mayi Nangondo
anakweza dzanja mwaulemu:
"Pepani achimwene, izo si za gawo langa."

Ndinatulutsa kafoni kanga komanga ndi mphira.
Manambala awo onse ndili nawo,
si paja amandiimbira akafuna ulendo?
Dziwenji Madzi. Tsilizani Malo. Zinyalala. Mthunzi. Kandege.
Ndinamutchulira imodziimodzi,
iye n'kulemba kuseri kwa pepala,
popeza kutsogolo kunalibe malo ake.
Anayang'ana mndandandawo nthawi yaitali.
Awiri mwa iwo akuti maofesi awo ndi oyandikana,
amangopatsana moni pa masitepe.

Dzulo wanditumizira uthenga.
Akuti akumana Lachisanu, onse asanu ndi mmodzi,
ayenda wapansi kuchokera kumsika
kutsata ngalande mpaka komwe imathera.
Ngati adzandifunsa kanthu, kaya.
Ine ndapopa matayala, ndathira girisi,
ndipo ndauza kale anzanga asanu pa depoti,
chifukwa ngalande imeneyo ndi yaitali,
pobwerera miyendo idzakhala itawatopera.